Pangano la Paulendo: Ufulu ndi Udindo wa Wokwera Minibasi

Aliyense amene adafikapo pa depoti ya ku Lilongwe mbandakucha, pamene amayi ogulitsa tiyi akukoleza mbaula zawo ndipo anyamata oitanira akufuula maina a Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Blantyre ngati kuti malo onsewa ali kuseri kwa mpanda, akudziwa kuti ulendo wa pa minibasi umayamba mwini wake asanauvomere. Usanatsegule pakamwa kufunsa mtengo, wina wakugwira kale pamkono, wina wasenza chikwama chako nathamanga nacho, ndipo wachitatu akukulumbirira kuti kwatsala munthu mmodzi yekha kuti galimoto inyamuke. Koma ukalowa ndi kukhala pansi, mmodzi uja sakwanira, injini ingolira pamalo pomwepo, ndipo dzuwa likupeza ukadali pa depoti, maondo atagunda mpando wakutsogolo, thumba la eni ake lili pamapazi pako. Zimenezi tazizolowera kotero kuti ambiri a ife timayesa kuti munthu akakwera minibasi ufulu wake amausiya panja, monga mlendo avula nsapato pakhomo.

Kale, m'masiku a mabasi a United Transport, amene pambuyo pake adadziwika ndi dzina la Stagecoach, kenaka Shire Bus Lines, wapaulendo ankalandira tikiti m'manja, ndipo basi inali ndi nthawi yake yonyamukira. Lero mtundu wathu wasenzedwa ndi minibasi: ndiyo itenga mwana wopita kusukulu yogonera komweko, mayi wokadwazika matenda kuchipatala cha Gulupu, ndi abale othamangira kumudzi kuti akapeze maliro asanaikidwe. Tsono popeza miyoyo yochuluka chotere ili m'manja mwa galimoto zimenezi, nkoyenera kuti tikumbutsane zimene lamulo linena, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo lamulo limene mwini wake salidziwa lifanana ndi khasu lopachikidwa padenga m'nyengo ya dzinja.

Ndalama yanu ndi pangano

Choyamba chimene wapaulendo ayenera kusunga mumtima ndi ichi, kuti pamene wagwirizana ndi kondakitala za mtengo ndi za kumene akupita, ndipo ndalama yatuluka m'thumba mwake kulowa m'manja mwa mnzakeyo, pamenepo pamangidwa pangano limene makhoti amalizindikira, ngakhale pasakhale pepala kapena chidindo. Mbali ya wokwera ndiyo kulipira. Mbali ya eni galimoto ndiyo kumufikitsa kumene adagwirizana, pa mtengo umene adagwirizana, iye ndi katundu wake ali osamalidwa. Chifukwa chake funsani musanaponde pachitseko kuti ulendowo ndi ndalama zingati, ngati katundu alipiridwa payekha, ndi kumene galimoto ikathera, kaya ndi ku Wenela, kaya ku Limbe. Funsani mokweza mawu kuti okhala pafupi amve, pakuti iwowo ndiwo mboni zanu, ndipo safunsa adadya phula. Mtengo umene wanenedwa pa depoti suyenera kukwera galimoto ili pakati pa thengo, ndipo chenji chanu ndi chanu ndithu, chingachepe bwanji. Kuchikumbutsa si umphawi kapena kuuma mtima.

Pali mchitidwe umene apaulendo eni ake adaupatsa dzina louyenera, loti kugulitsidwa. Minibasi yonyamuka ku Lilongwe ulendo wa ku Blantyre, umene ndi mtunda woposa makilomita 300 pa msewu wa M1, ikafika pa Ntcheu kapena pa Chingeni anthu ambiri atatsika, dalaivala aona kuti otsalawo samupindulira, choncho awakweza m'galimoto ina, iye nabwerera kumene adachokera. Zikatero musatsike kufikira mutaona ndi maso anu kuti kondakitala woyamba wapereka ndalama yanu kwa wachiwiri, ndipo wachiwiriyo wavomera ndi pakamwa pake kuti akufikitsani. Pakuti ulendo umodzi sulipiridwa kawiri. Momwemonso galimoto ikafera panjira ndipo palibe chiyembekezo chakuti idzuka, ndalama ya mtunda wotsalawo iyenera kubwerera kwa inu. Akakana, lembani nambala ya galimoto, mukanene kupolisi yapafupi, ndipo dziwani kuti bungwe la Competition and Fair Trading Commission lidaikidwa kuti lizimva madandaulo a ogula, ndi kuti khoti la majisitireti limaweruza ngakhale milandu ya ndalama zochepa.

Galimoto ndi mipando yake

Lamulo la pamsewu la Road Traffic Act la chaka cha 1997, limene nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services ndi apolisi a pamsewu amaliyang'anira, silidalembedwe kuti livutitse eni galimoto, koma kuti wokwera akafike ali wamoyo. Galimoto yonyamula anthu molipiritsa imadziwika ndi nambala yake yolembedwa mofiira pachitsulo choyera. Iyenera kukhala ndi chiphaso chosonyeza kuti idayesedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chimene ambiri amachitcha COF. Iyenera kukhala ndi inshuwalansi. Ndipo woiyendetsa ayenera kukhala ndi laisensi pamodzi ndi chilolezo chapadera choyendetsera galimoto ya anthu. Timapepala ta COF ndi inshuwalansi timamatidwa pagalasi lakutsogolo kuti aliyense atione, ndipo kuyang'ana tsiku lolembedwapo sikutenga nthawi yoposa imene timataya posankha nthochi pa siteji. Yang'ananinso matayala ngati sadathe mpaka kusalala, ndi chitseko ngati sichimangidwa ndi chingwe. Ndipo musananyamuke tumizani nambala ya galimotoyo kwa mbale wanu pa foni, kuti zikavuta pakhale wodziwa koyambira.

Galimoto iliyonse ili ndi chiwerengero cha anthu chimene idaloledwa kunyamula, ndipo m'dziko muno nchodziwika kuti pampando wa minibasi pakhale anthu atatu. Amene adaika malire amenewa sadaganizire za kupanikizana kokha, ngakhale kumeneko nakonso ndi nsautso paulendo wa maola asanu; adaganizira za kulemera. Mabuleki ndi matayala adapangidwira katundu wa muyeso wake, ndipo galimoto yolemedwa ndi anthu oonjezera, matumba a mbatata ndi madengu a tomato imatalikitsa mtunda woimira, imatenthetsa mabuleki pamtsetse, ndipo tayala likaphulika imagubuduka msanga. Amene adatsikapo phiri la Chiweta, kapena mapiri otsikira ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, adziwa kuti pamalo otere munthu wachinayi pampando ndi mwala woonjezera pamutu pa wosenza wotopa kale.

Ndidaona ndi maso anga chinthu chimene sindichiiwala. Tidaima pa Lizulu tsiku lina masana, anyamata akutisonyeza kabichi ndi mbatata pamawindo, ndipo kondakitala, mnyamata wa thukuta pamphumi ndi ndalama zopindidwa pakati pa zala, adafuna kuika munthu wachinayi pampando wathu. Pambali panga padali gogo wina wamkazi, wofunda chitenje chofumbutuka, atafungata kadengu pamiyendo. Mnyamata uja adati, "Agogo, sendezani pang'ono, mafuta adula." Gogoyo sadakweze mawu, koma adayankha nati, "Mwana wanga, ine ndalipira mpando wathunthu, osati theka. Ngati ufuna tikhale anayi, undibwezere yanga nditsike." M'galimoto monse mudati zii, ena atazolika, ena akuyang'ana kunja ngati nkhaniyo si yawo, ndipo ndikhulupirira kuti gogo uja akadagonja, pakadapanda bambo wina wakumbuyo amene adati, "Agogo anena zoona, achimwene, tiyeni tizipita." Pomwepo wachitatu adavomereza, nayenso wachinayi, kufikira mnyamata uja adatseka chitseko, tidanyamuka atatuatatu, ndipo wotsala uja adakwera minibasi ina imene idaima kumbuyo kwathu. Panalibe wapolisi pamalopo, panalibenso buku la malamulo. Lamulo lidaima chifukwa mawu a munthu mmodzi adapeza owachirikiza.

Kayendetsedwe ka galimoto

Malamulo aakulu a dziko lino, amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994, amanena m'gawo 16 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, ndipo ufulu umenewu sugona pamene galimoto yayamba kuthamanga. Lamulo la pamsewu liletsa kuyendetsa mosasamala, kupyola liwiro loikika, kuyendetsa munthu ataledzera, ndi kuyendetsa foni ili m'dzanja. Chotero mukaona dalaivala akupitirira galimoto inzake pamalo okhota kapena pachitunda pamene saona kutsogolo, akupikisana ndi mnzake kuti akayambe kutola anthu pa siteji yotsatira, kapena mukamva fungo la mowa m'kamwa mwake, muli ndi ufulu womudzudzula, ndipo akapanda kumva muli ndi ufulu wouza apolisi pachipata choyamba, kapena kutsika. Kuchedwa pofika kuli ndi mankhwala ake, koma madzi akatayika saoleka.

Koma tinene chilungamo chonse, pakuti mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi. Madalaivala ndi makondakitala ambiri amadzuka usiku ali ndi ndalama yoikika imene mwini galimoto afuna madzulo, ndipo chotsala pamwamba pa ndalamayo ndi pa mafuta ndicho chakudya cha ana awo. Nchifukwa chake amathamanga, amapanikiza anthu, ndipo amayendetsa tulo tili m'maso. Lamulo lidaona zimenezi, ndipo silimusiya mwini galimoto kukhala pamthunzi: wantchito akalakwa mosasamala ali pa ntchito ya bwana wake, bwanayo nayenso amayankha mlandu wa chipepeso. Eni maminibasi, amene ali ndi bungwe lawo la Minibus Owners Association of Malawi, ayenera kukumbukira kuti wotuma mnzake kukatunga madzi ndi mtsuko wong'aluka sangadzudzule wotumidwayo yekha madziwo akatayika.

Ulemu wa munthu

Gawo 19 la malamulo aakulu aja linena kuti ulemu wa munthu aliyense sungaphwanyidwe, ndipo gawo 20 liletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu wake, chilankhulo chake, chipembedzo chake, ulumali, kapena chifukwa ndi mkazi kapena mwamuna. Mawu amenewa afika mpaka pa depoti. Kukoka munthu pamkono ndi kumulanda chikwama kuti akwere galimoto imene sadaisankhe ndi kulakwa, ndipo boma lidaletsa kale mchitidwe woitanira. Kusankha galimoto ndi kwa mwini ulendo. Munthu wosaona, woyenda ndi ndodo kapena pa njinga ya olumala sayenera kupitiriridwa pa siteji ati chifukwa achedwetsa anzake, ndipo nkhalamba yosamva msanga siyenera kutukwanidwa pofunsa kawiri.

Makamaka ndinene za amayi ndi atsikana, amene m'kupanikizana kwa minibasi amakumana ndi zimene ambiri amachita manyazi kuzitchula. Kugwira mkazi m'thupi iye asakufuna, kumunenera mawu olaula, kapena kumuchititsa manyazi chifukwa cha chovala chake ndi milandu pansi pa malamulo a Penal Code ndi lamulo la Gender Equality Act la chaka cha 2013. Tikumbukira manyazi amene adagwera dziko lino mu Januwale 2012, pamene amayi ena adavulidwa m'misewu ya m'mizinda yathu chifukwa chovala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndi momwe amayi adasonkhanira ku Blantyre kukana nkhanza imeneyo. Mayi wochitiridwa chipongwe anene pomwepo mokweza, ndipo pa polisi pali ofesi ya Victim Support Unit yolandira nkhani zotere. Koma bambo wokhala pafupi, amene waona ndi maso ake nakhala chete, adziwe kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pachipata cha apolisi

Galimoto ikaimitsidwa pamsewu, apaulendo ambiri timang'ung'udza ngati kuti wapolisi ndiye mdani wa ulendo wathu, chikhalirecho ntchito yake yowerenga anthu ndi kuyang'ana mapepala aichitira ife tomwe. Choipa koposa ndi chakuti timalola kutsitsidwa chipata chili pafupi, ndi kuwoloka pansi kapena pa kabaza, kuti tikakwerenso kutsogolo galimoto itadutsa ngati yosalakwa. Pochita chotero timathandiza kubisa msampha umene watcheredwa miyendo yathu yomwe. Dalaivala wolakwa akalipitsidwa chindapusa, ndalamayo ndi ya boma ndipo iyenera kulembedwa pa risiti ya boma. Ndalama yopindidwa m'kati mwa laisensi ndi chiphuphu, ndipo lamulo la Corrupt Practices Act la chaka cha 1995, limene lidakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau, limatsutsa wopereka ndi wolandira yemwe. Woona zotere angakanene ku bungwe limenelo, ndipo wodandaula ndi khalidwe la wapolisi angapite ku Independent Complaints Commission, imene idakhazikitsidwa potsata lamulo la apolisi la chaka cha 2010. Chiphuphu cha pamsewu chimalipidwa kawiri: koyamba ndi ndalama ya dalaivala, kachiwiri ndi mafupa a wokwera.

Tsoka likagwa

Palibe afuna kuganizira ngozi ponyamuka, komatu tsoka silinunkha, ndipo wodziwiratu chochita salandidwa chake ali m'misozi. Dalaivala wochita ngozi ayenera kuima, kuthandiza ovulala ndi kukanena kupolisi. Wovulala ayambe wapita kuchipatala ngakhale bala lioneke laling'ono, pakuti zopweteka zina zimabisala m'kati, ndiponso lipoti la dokotala ndilo umboni woyamba. Pambuyo pake atenge lipoti la apolisi, asunge nambala ya galimoto, dzina la kampani ya inshuwalansi, maina a mboni, ndi malisiti onse a mankhwala ndi maulendo a kuchipatala. Munthu wovulala chifukwa cha kusasamala kwa woyendetsa ali ndi ufulu wofuna chipepeso kwa dalaivala, kwa mwini galimoto, ndi kwa kampani ya inshuwalansi. Ndipo munthu akamwalira, amene ankadalira thandizo lake, monga mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi makolo, angathe kufuna chipepeso chimenecho.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi wa anthu amene amafika pabedi la wodwala kapena pasiwa ndi ndalama yochepa ndi pepala, kuti musaine kapena kudinda chala. Musatero musanamve bwino zolembedwazo kwa munthu amene mumukhulupirira, pakuti mungagulitse ufulu wanu wonse ndi mtengo wa thumba la ufa. Wachiwiri ndi kuzengereza. Makolo adati mlandu suola, ndipo pabwalo la mfumu mawuwa ndi oona. Koma kukhoti nthawi ili ndi malire, ndipo mlandu wofuna chipepeso cha kuvulala uyenera kuyambika zisanathe zaka 3. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Gawo 41 la malamulo aakulu lipatsa munthu aliyense ufulu wofika kukhoti, ndipo wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, imene idaikidwa kuti iimirire osauka. Ndipo inu ofika pamalo a ngozi, kumbukirani Msamariya uja wa pa njira ya ku Yeriko: manja anu akhale onyamula ovulala, osati otola katundu wawo kapena ojambula mabala awo kuti aonetsedwe pa Facebook abale asanamve uthenga.

Udindo wa wokwera

Walira mvula walira matope, ndipo wofuna ufulu alandirenso udindo wake. Lipirani mtengo umene mudavomera popanda kuzemba, ndipo kondakitala mulankhule naye monga mwana wa munthu, pakuti nayenso ali ndi ulemu umene gawo 19 liuteteza. Musaumirize dalaivala kuthamanga chifukwa inu mwachedwa, pakuti fulumira adadya gaga. Musamukakamize kuima pamlatho, pokhota kapena pachitunda chifukwa ndi pafupi ndi kwanu. Musalowe ndi zigubu za petulo pakati pa anthu, musataye mapepala ndi zitsononkho pawindo, ndipo pamene pali lamba mumange. Mwana wamng'ono asaikidwe kuchitseko, mayi woyembekezera ndi nkhalamba apatsidwe malo abwino. Ndipo minibasi ikaima pamaso panu ili yodzaza kale, limbani mtima muilole ipite, chifukwa mpando wachinayi sukhalapo popanda munthu wovomera kuukhala.

Malamulo onsewa adalembedwa kale, ndipo maofesi amene ndatchula ali ndi zitseko zotsegula. Koma pakati pa Dedza ndi Ntcheu, galimoto ili paliwiro, palibe loya kapena woweruza, pali inu ndi anzanu amene simudziwana maina, amene moyo wanu ndi wawo wamangidwa mtolo umodzi kufikira mutatsika. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Si aliyense amene ali ndi mtima wa gogo uja wa pa Lizulu woyamba kulankhula anthu onse ali chete, ndipo sindidzudzula wamanyazi amene lilime limamulemera. Koma mawu achiwiri, aja a bambo wakumbuyo, ndi opepuka, ndipo aliyense wa ife angawakwanitse. Tsono paulendo wanu wotsatira, mukadzamva wina akuti, "Adalaivala, chepetsani liwiro," kapena "Pampando pano takwana," musadzazolike kapena kuyang'ana kuwindo; mudzatsegule pakamwa ndi kunena kuti, "Anena zoona."